Part-time ya masamu: ana akupita patsogolo, kapena tikungolipira?

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ife analankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawaika pano kuti amene simunabwere muwerenge ndi kuikapo maganizo anu.

 Andipatsa mpata woti ndilankhule za part-time ya masamu: mmene azing'ono athu akupindulira nayo, komanso pamene zikuvuta. Ine si mphunzitsi ayi. Ndinalemba Fomu 4 chaka chatha, part-time ndinapitako zaka ziwiri, ndipo miyezi yapitayi ndakhala ndikuthandiza ana angapo a m'dera lathu lino masana akaweruka. Choncho benchi ndakhalapo, chokonso ndachigwirako pang'ono. Zimene ndinene ndi zimene ndaona mbali zonse ziwirizo.

Tiyambe ndi chifukwa chimene kholo limalolera kuchotsa ndalama ya ndiwo n'kukapereka ku part-time. Pa mayeso a MSCE, a MANEB amapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass wamba, 9 ndiye walakwa. Phunziro limene limagwetsa satifiketi yonse ukalilakwa ndi Chingerezi. Masamu ukhoza kuwalakwa koma satifiketi n'kuitenga ndithu, ngati maphunziro enawo wakhoza bwino. Koma satifiketi imeneyo uyende nayo uone mmene makomo amatsekekera. Ku sukulu za ukachenjede za boma, kumene amasankha kudzera ku NCHE, amafuna ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro ambiri amene timawalota, uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, zaumoyo ku KUHeS, zaulimi ku LUANAR, za kompyuta, za kuwerengera ndalama, amafunanso credit ya masamu. Ndiye kwa ana ambiri a kuno nkhondo si yofuna 1 kapena 2. Nkhondo yawo ili pakati pa 7 ndi 6. Pamenepo pamasiyana malikisi ochepa chabe, koma wina amalembera nawo ku yunivesite, wina amakabwereza Fomu 4 ku open.

Sindinabwere kudzanyoza aphunzitsi athu a m'kalasi. Amene tinaphunzira ku CDSS tikudziwa mmene zimakhalira: kalasi yodzadza, atatu pa desiki imodzi, buku limodzi kugawana gulu lonse, piriyodi ya mphindi 40, silabasi yaitali. Mphunzitsi akafunsa kuti "Mwamva?" tonse timayankha kuti "Eee!" chifukwa palibe akufuna kukhala amene akuchedwetsa anzake. Onjezerani apo kuti ambiri amene ali ku sekondale pano anali ku pulayimale pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo kuchigawo cha kummwera zinatsekedwanso mu Malichi 2023 chifukwa cha namondwe Freddy, zina mpaka kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Miyezi imene inatayika ija, m'maphunziro ena mwana amatha kuikwirira powerenga yekha. M'masamu dzenje limakhalabe pomwepo, chifukwa mutu uliwonse umakhala pamwamba pa unzake ngati njerwa.

Tsopano kodi part-time imathandiza? Imathandiza, ndaziona ndi maso anga. Koma chimene chimathandizacho si chimene anthu ambiri amaganiza. Makolo ambiri amaganiza kuti akugula maola owonjezera. Chimene mwana amapindula nacho kwenikweni ndi malo amene akhoza kunena kuti "sindinamve" popanda kusekedwa, ndi munthu amene ali ndi nthawi yobwerera naye m'mbuyo mpaka pamene panaduka chingwe.

Ndikupatseni zitsanzo, chifukwa nkhani ya masamu popanda nambala ndi miseche chabe. Kunabwera mtsikana wina wa Fomu 3 akudandaula kuti quadratic equations zamukanika. Njira yake amaidziwa bwinobwino, formula analoweza yonse osaphonya. Koma ansala nthawi zonse imatuluka yolakwika. Nditamuyang'ana akulemba mzere ndi mzere, ndinapeza kuti akafika pa -3 - 5 amalemba 2, tsiku lina -2. Vuto lake silinali la Fomu 3 konse, linali la Fomu 1. Ndinamufunsa kuti, "Ngati uli ndi ngongole ya K300 pa okala, n'kukatenganso sopo wa K500 pa ngongole, mwini okala akulemba zingati?" Anayankha osaganiza n'komwe kuti K800. Ndinati basi, -3 - 5 ndi -8. Tinakhala masiku anayi pa manambala a negative okha. Mayi ake akanaona kope lake sabata imeneyo akanati tikutaya nthawi, mwana wa Fomu 3 kumapanga za Fomu 1. Koma titabwerera ku ma quadratic aja, mwa mafunso khumi anakhoza asanu ndi atatu, pamene poyamba ankakhoza awiri.

China chimene ndakumana nacho kambirimbiri ndi ma fraction. Mwana amalemba kuti 1/2 + 1/3 = 2/5, wangowonkhetsa zapamwamba pazokha ndi zapansi pazokha. M'malo momulembera X wofiira, mufunseni kuti: uli ndi theka la buledi, wina wakuwonjezera chidutswa china, zingatheke bwanji kuti ukhale ndi buledi wosakwana theka? Pajatu 2/5 ndi wochepa kuposa theka. Akangoona zimenezo amayamba kukayikira yekha, ndipo 5/6 akamupeza amakhala wake. Chimodzimodzi ndi (a + b)². Pafupifupi aliyense amene ndakhala naye anayamba walembapo a² + b². Ingomuuzani aikepo 2 ndi 3. Mbali imodzi 5 kuchulukitsa ndi 5, ndi 25. Mbali inayo 4 kuwonkhetsa 9, ndi 13. Nanga 12 wapita kuti? Mujambule munda wa mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse 5, muudule pa 2 ndi pa 3 mbali zonse. Mupeza kachigawo ka 4, chigawo cha 9, ndi tizigawo tiwiri ta 6. Ameneyo ndiye 2ab amene amaiwalika uja. Mwana amene wadula munda umenewu ndi dzanja lake sadzamuiwalanso m'chipinda cha mayeso.

Ndipo muone, zonsezi timazilankhula m'Chichewa. M'kalasi masamu amabwera m'Chingerezi, ndiye mwana amalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, chiyankhulo ndi nambala. Simultaneous equations ndi dzina loopsa, koma mng'ono wanu amene amagulitsa pamsika amazipanga tsiku ndi tsiku. Wina wagula zitumbuwa 3 ndi nthochi 2 walipira K1,300. Mnzake wagula zitumbuwa 2 ndi nthochi 2 walipira K1,000. Akusiyana chiyani? Chitumbuwa chimodzi, ndi K300. Ndiye chitumbuwa ndi K300, ndipo nthochi ziwiri zatsala pa K400, imodzi K200. Mwachotsera equation ina pa inzake osadziwa kuti dzina lake ndi elimination. Ndikuona ena mukuseka kumbuyoko, koma anapeza ansala msanga ndi amayi ali pakonapo, osati inu a Fomu 4.

Komabe Chichewa ndi mlatho chabe. Pepala la MANEB lidzabwera m'Chingerezi, ndipo part-time yabwino imayenera kumuwolotsa mwana kubwerera tsidya linalo. Ana ambiri amataya malikisi chifukwa sadziwa kusiyana kwa "factorise", "simplify", "evaluate" ndi "solve". Funso likuti factorise, iye akupitirira mpaka kupeza x. Funso likuti "hence", iye akuyambiranso pachiyambi osadziwa kuti akuuzidwa kugwiritsa ntchito ansala imene wangoipeza kumene. "At least" ndi "at most" pa linear programming zimatembenuza chizindikiro chonse, graph yonse n'kupita kuthengo. Mawu amenewa sakwana ngakhale makumi atatu, koma ndi ma part-time ochepa amene amakhala nawo pansi.

Apa ndiye ndalowa kale ku mavuto, ndipo lalikulu kwa ine si ndalama. Lalikulu ndi kupita patsogolo kwabodza. Mphunzitsi wa part-time akakhala katswiri, amapanga samu pa bolodi mosalala, iwe n'kumagwedeza mutu, chilichonse chikumveka. Umakopera bwinobwino, kope limadzadza, kunyumba amaliona n'kukondwa. Koma kumvetsa pamene wina akupanga ndi kupanga wekha ndi zinthu ziwiri. Zili ngati kuonera mpira pa TV: aliyense amadziwa pamene wosewera anayenera kuponya. Akupatseni mpirawo. Ndaona anzanga amene anapita ku part-time chaka chonse, makope atatu odzadza, koma ukawapatsa funso lomwelo utangosintha nambala amangoluma cholembera. Ola lonse choko chinali m'manja mwa mphunzitsi, iwo ntchito yawo inali kukopera.

Pafupi ndi vuto limeneli pali kuthamangira ma past paper. Ma past paper ndi abwino, ndipo palibe amene ayenera kulowa mayeso asanawaone. Koma ma part-time ena alibe china chilichonse. Lero funso la vectors, mawa la matrices, mkuja la circle theorems, popanda kufunsa ngati mwanayo amatha kusuntha nambala kuchoka mbali ina ya equation kupita mbali inayo. Zotsatira zake mwana amaloweza mayankho ngati ndakatulo. Ena amafika mpaka polonjeza kuti "mafunso a chaka chino ndikuwadziwa", n'kumatchula mtengo wapadera. Anzanga, tikumbukire 2020. Mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ophunzira a dziko lonse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021. Munthu amene akukugulitsani likasa m'malo mokuphunzitsani, kaya ndi lenileni kaya ndi labodza, ndalama yanu wadya basi.

Za ndalama tonse tikuzidziwa, sindikhalitsapo. Chimene ndikufuna muone ndi mmene zimapwetekera masamu makamaka. Mwezi uno kunyumba zayenda, mwana wapita. Mwezi wamawa chimanga chakwera, wakhala. Akamabwerera anzake adutsa indices ali pa logarithms, ndipo logarithms popanda indices ndi nsima yopanda madzi. Amakhala mwezi wonse osamva kanthu, kenako amati part-time siithandiza. Komanso mphunzitsi akatchuka, ana amachuluka. Gulu limene linayamba ndi ana khumi limafika podzadza chipinda, ena kumvera pawindo. Ikafika pamenepo ndi kalasi yomwe ija tinaithawa, kungoti iyi ndi yolipira.

Pali nkhani ina imene timainong'ona, lero ndiinene mokweza. Aphunzitsi ena, osati onse, ndipo sinditchula sukulu, amadumpha mitu ina m'kalasi n'kunena kuti "iyi tidzaimalizira ku part-time". Mwana amene alibe ndalama amalowa mayeso mutuwo asanauonepo, pamene ndi ufulu wake kuuphunzira m'kalasi. Ine ndimamvetsa kuti malipiro ndi ochepa ndipo zinthu zakwera. Mphunzitsi kuphunzitsa ana nthawi yake yopuma n'kulandira kangachepe, ine sindikuonapo cholakwika. Koma kusunga dala mutu wa m'silabasi kuti ugulitsidwe madzulo, kumeneko ndi kulanga mwana chifukwa cha umphawi wa makolo ake. Makolo amene muli m'makomiti a sukulu, funsani za zimenezi pa misonkhano yanu.

Ndiyenso atsikana. Mnyamata akaweruka amadya n'kunyamuka. Mlongo wake ayambe watsuka mbale, watunga madzi, waphika, ndiye apite, ndipo amafika phunziro lili pakati. Akabwerako ntchito ikumudikira, nthawi yoyeserera yekha palibe. Kenako timati atsikana masamu sawatha. Amene ndakhala nawo ine, akapatsidwa nthawi yofanana, sasiyana ndi anyamata, ndipo ena amaposa chifukwa amalemba njira yonse mwadongosolo, chimene chimapatsa malikisi ngakhale ansala yomaliza itaphonyeka. Palinso choopsa. Part-time ya usiku, m'nyumba mwa munthu, chitseko chotseka, mwana wamkazi yekha: makolo, musalole, ngakhale mphunzitsiyo atakhala wodziwika bwanji. Ndipo mawu oti "iwe usamalipire, tidzaona" si chifundo nthawi zonse. Alongo athu, zikafika pamenepo uzani mayi anu, alangizi athu ali apawa, kapena aliyense wa ife amene mumamukhulupirira.

Ndiye tingadziwe bwanji kuti mwana akupitadi patsogolo? Malikisi a mayeso amene wapereka mphunzitsi wa part-time yemweyo sakwanira, chifukwa nthawi zambiri amafunsa zimene wangophunzitsa dzulo, ndiponso ndani angafune kuonetsa kholo lolipira kuti mwana wapeza 20? Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yosavuta. Tengani funso limene mwana anapanga ku part-time Lolemba. Lachinayi mupatseni lomwelo pa pepala loyera, kope litatsekedwa. Akalipanga, waphunzira. Akakanika, anangokopera. Izi ngakhale agogo amene sanapite ku sukulu akhoza kuyang'anira, chifukwa ansala ili kale m'kope, chofunika ndi kungofananiza. Chinanso, tsegulani kopelo muone ngati muli zolakwika. Kope la masamu loyera mbee, lopanda pofufuta, lopanda pokhwatcha, ine limandiopsa. Ndiye kuti mwini wake sanayesepo yekha. Ndipo mufunseni mwanayo kuti, "Sabata ino wagwirako choko? Wafunsako funso?" Akati ayi milungu itatu yotsatizana, ndalama yanu ikugwira ntchito yochepa.

Kupita patsogolo kwenikweni kumachedwa kuoneka pa lipoti, ndipo apa makolo ndikupempheni mtima. Mwana amene amapeza 18 sangafike 60 teremu imodzi. Choyamba kusintha ndi chakuti amasiya kusiya mafunso osalemba kanthu. Kenako amayamba kupeza malikisi a njira. Kenako amayamba kuzindikira yekha kuti ansala iyi siingakhale yoona, monga akapeza kuti msinkhu wa munthu ndi mamita 40 kapena probability yaposa 1. Malikisi amabwera pambuyo pa zonsezi. Ndaona kholo likumuchotsa mwana pa part-time yabwino chifukwa anachoka pa 18 kufika pa 31 basi, n'kumupititsa kwa uja wa malonjezo. Komatu 31 ameneyo anali woyamba amene mwanayo anamupeza akudziwa chimene akuchita.

Ndipo nthawi yoyambira ndi nkhani. Ambiri timathamangira part-time tili Fomu 4 teremu yachiwiri, mayeso atayandikira, mtima uli m'mwamba. Pamenepo munthu akufuna kukwirira dzenje la zaka zinayi m'miyezi inayi, akulimbananso ndi maphunziro ena onse. Mwana wa Fomu 1 kapena Fomu 2 dzenje lake likadali laling'ono. JCE inabwereranso mu 2021 itachotsedwa kwa zaka zingapo, ndipo ubwino wake umodzi ndi woti imatiuza msanga amene akutsalira. Kungoti zotsatira zikatuluka timangoyang'ana kuti wakhoza kapena walakwa, osayang'ana kuti masamu ali pati.

Tsopano pempho langa kwa kalabu. M'chipinda muno ndawerenga anthu asanu ndi awiri amene tinamaliza Fomu 4 ndipo masamu tinakhoza bwino. Ambiri mwa ife tikudikira, ena masankho, ena fizi, ena ntchito. Ndikupempha kuti Loweruka lililonse, kuyambira 8 koloko mpaka 10 koloko m'mawa, tisanayambe zochitika zathu zina, tizikhala ndi azing'ono athu a Fomu 1 ndi Fomu 2 pompano, kwaulere. Aliyense wa ife atenge ana osaposa asanu ndi mmodzi. Akachuluka, ena adikire teremu yotsatira, chifukwa tikangolola kudzadza ndiye tabwerera komwe kuja. Theka la malo likhale la atsikana, ndipo makolo awo tikawapemphe tokha kuti m'mawa umenewo awamasule ku ntchito zapakhomo. Tsiku loyamba sitiphunzitsa kanthu: mwana aliyense alembe mafunso 15 a ma fraction, manambala a negative, ma decimal ndi ma equation osavuta, popanda calculator, kuti tidziwe pamene aliyense waima. Pepala limenelo tidzalisunga, ndipo pakatha milungu 8 adzalemba lina lofanana nalo. Zotsatira zake ndidzabwera nazo pamaso panu, kaya zikhale zokoma kaya zochititsa manyazi.

Sitikulanda msika wa aliyense. Amene ali kale pa part-time yolipira apitirize, ndipo akhoza kubwera ndi zimene sanamve kumeneko. A Fomu 3 ndi Fomu 4 musakhumudwe kuti ndakusiyani. Mitu ina ya kumeneko ikufuna mphunzitsi weniweni, ndipo ndi bwino tiyambe ndi zimene tingazithe. Koma amene akudziwa kuti ma fraction amamuvutabe, abwere akhale ndi a Fomu 1, palibe adzamuseke.

Zofunika ndi zochepa: bokosi la choko, mapepala, ndi bolodi lachiwiri, ngakhale la pulayiwudi lopaka utoto wakuda. A Msungichuma andiuza kuti choko ndi mapepala thumba lathu likhoza kukwanitsa ngati nonse mutavomereza lero. Amene muli ndi mabuku a masamu a Fomu 1 ndi Fomu 2 akungodyedwa ndi chiswe kunyumba, bwerani nawo Loweruka. Amene mukufuna kuphunzitsa nawo, kapena kulembetsa mng'ono wanu, mayina akulemba a Mlembi pakhomopo tikamatuluka. A Wapampando, ndathera pamenepa, nkhani ya choko ija muifunse kwa anthu.